Mabawuti Anayi

Malemu amene tasonkhanira pano anabadwa pa 9 Ogasiti 1963, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo komwe bambo awo ankagwira ntchito ya ulonda. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana atatu: achimwene awo aakulu, iwowo, kenaka mlongo wawo. Ambiri a inu mumawadziwa ndi maina awiri amene sanabadwe nawo. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri munkawatchula kuti a Kayatsa. Kuyambira chaka cha 2018 munayamba kuwatchula kuti a Kazimitsa, poyamba monong'ona, kenaka mokweza, mpaka ana a sukulu anapekapo nyimbo yodumphira chingwe. Banja latuma ine, mwana wa mlongo wawo, kuti ndiwerenge mbiriyi yonse osadumpha mzere, chifukwa akazi awo anena mawu amodzi okha: amuna awo salowa m'manda ndi dzina lachiwirilo. Ndaonanso ena mukulozerana mpando uli kutsogolowu, umene anayenera kukhalapo achimwene awo aakulu koma ulibe munthu. Dekhani mitima. Za mpandowo tizifika.

Malemu anayamba sukulu mu Januwale 1970. M'chaka cha 1975 bambo awo anamwalira, ndipo pakhomo panalibenso wogwira ntchito. Achimwene awo aakulu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anaika makope awo pansi pa bedi n'kupita kukanyamula zitsulo m'sitolo ija, kuti mng'ono wawo apitirize kuphunzira. M'mawa uliwonse ankawakweza pa chitsulo cha kutsogolo kwa njinga, kuwapalasira mpaka pa geti la sukulu, kenaka n'kuthamangira kuntchito. Mfundo imeneyi muisunge. Kuchokera nthawi imeneyo malemu sanayankhulepo ndi achimwene awo ali chiimire, ndipo sanawatsutsepo pamaso pa anthu, ngakhale pa nkhani ya mpira.

M'chaka cha 1977 aphunzitsi a sayansi anabwera m'kalasi ndi kagalasi kokuzira zinthu, n'kutulutsa ana onse pabwalo. Anasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa kadontho kamodzi mpaka pepala linafuka utsi. Ana ena anaombera m'manja n'kuiwala. Malemu anabwereka kagalasiko, ndipo madzulo ake malaya okhawo oyera a achimwene awo, amene anali pa chingwe, anapezeka ndi mabowo asanu ndi awiri. Achimwenewo sanawamenye. Anangowafunsa kuti, "Iwe, dzuwa lonseli walituma pa malaya anga okha?" Kuyambira tsiku limenelo malemu ankayenda akuyang'ana kumwamba, mpaka amayi awo ankadandaula kuti mwanayu adzagwera m'ngalande.

Kuyambira 1982 mpaka 1985 anaphunzira zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo mu Malichi 1986 anatsegula kashopu kokonzeramo mawailesi pafupi ndi pokwerera mabasi. Tsidya lina la msewu, pa khonde la golosale, panali mtsikana wina wosoka zovala, amene ankayenda ndi tepi yoyezera m'khosi ndi lumo m'thumba. Mtsikanayu anali ndi kawailesi kofiira kamene kankafa Lachisanu lililonse. Ankawoloka nako msewu, kukaika pa tebulo osayang'ana munthu kumaso, n'kunena kuti, "Amisiri, kasiyanso." Malemu ankatsegula, n'kupeza waya wa sipika ataduka, n'kulumikiza wina. Zinachitika masabata khumi ndi anayi. Chimene mtsikanayo sankadziwa n'chakuti malemu anazindikira kale pa sabata yachiwiri kuti waya wodulidwa ndi lumo la telala safanana ndi waya wodzidukira yekha. Ankangochedwetsa dala kulumikizako, kuti mwini wailesi akhalitse pa benchi. Pa 17 Disembala 1988 awiriwa anamanga ukwati, ndipo kawailesi kaja sikanafenso mpaka lero. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

M'chaka cha 1998 malemu anapita kukaphunzira za magetsi a dzuwa, ndipo pobwerako anali ngati munthu amene wapeza chibwenzi chachiwiri chimene akazi awo anachivomereza. Anaika sola m'nyumba, m'masitolo, m'masukulu ndi pa mapampu a madzi. Ana ambiri amene lero ali m'maofesi anawerengera mayeso pansi pa babu limene anapachika iwowa, osakhosomola utsi wa nyali. Dzina la Kayatsa linachokera pamenepo. Koma dzuwalo ankalikonda osalinamizira. Munthu akabwera akufuna kuti kapanelo kamodzi kayendetse ayironi, ketulo ndi wailesi ya kanema, ankamubweza ndi mawu akuti, "Bwana, inu simukufuna sola, mukufuna chozizwitsa. Icho sindigulitsa." Ankafotokoza mosabisa kuti panelo imapereka zokhazo zimene dzuwa laipatsa tsiku limenelo, kuti batire ndi ndowa imene imayamba kudontha ikakalamba, kuti fumbi limaba magetsi, ndipo kuti mitambo ikakhala masiku atatu, kandulo asakhale kutali. Ambiri ankachoka atakwiya n'kupita kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, amene ankalumbira kuti katundu wawo amayaka ndi mwezi womwe. Anthu amenewo malemu ankanyansidwa nawo kwambiri, moti akadutsa pa malo awo ankayang'ana kumbali ngati akudutsa pa dzala.

Mu Ogasiti 2016 komiti ya chipatala chathu chaching'ono inawapatsa ntchito imene anainyadira kuposa zonse: kuika magetsi a dzuwa oyendetsera filiji yosungira katemera wa ana. Denga la chipatalacho linali lofooka, choncho anaganiza zoika mapanelo asanu ndi atatu pa felemu yachitsulo pansi, kuseri kwa chipinda chobayira jekeseni. Asanakumbe dzenje n'limodzi lomwe, anazika ndodo pamalopo n'kumabwera kudzaiona m'mawa, masana ndi madzulo kwa mwezi wathunthu, kuti atsimikize kuti palibe mtengo kapena khoma logwetserapo mthunzi. Anthu ankaseka kuti amisiri akudyetsa ndodo. Chifukwa chake chinali ichi: mapanelo aja anawalumikiza mzere umodzi, ndipo magetsi amadutsamo monga madzi mu paipi yothirira. Mukaponda paipiyo pamalo amodzi, madzi amachepa mpaka kumapeto. Mthunzi ukaphimba panelo imodzi, onse asanu ndi atatu amafooka. Ntchito itatha, filiji inayenda chaka chathunthu osaphethira, ndipo m'mawa uliwonse malemu ankadutsa ndi kansanza ndi botolo la madzi kudzapukuta fumbi, popanda wowatuma.

Tsopano ndafika pa gawo lovuta kwambiri la mbiriyi. Pa 23 Sepitembala 2017 komiti inakonza mwambo wotsegulira magetsiwo, ngakhale anali atayaka kale chaka. Wapampando wa komitiyo anali achimwene aakulu a malemu. Komiti inapangitsa chikwangwani chachitsulo, chotalika ngati anthu awiri atakwerana pamapewa, cholembedwa maina khumi ndi limodzi a mamembala, dzina la wapampando pamwamba ndi penti yagolide. Dzina la amene anaika mapanelo panalibe. Anati malo anatha. Chikwangwanicho anachimanga ndi mabawuti anayi pa mizati ya mpanda, kumadzulo kwa mapanelo, kuti alendo akamajambula zithunzi, maina aoneke kutsogolo, mapanelo kumbuyo. Sabata imeneyo malemu anali kutali kukaika pampu. Atabwerako anafika pamalopo thu koloko itangodutsa, ndipo anaona ngodya ya mthunzi wa chikwangwani ikukwawira pa panelo yoyamba. Pofika folo koloko mapanelo atatu anali mumdima. Mita yawo inawauza zimene maso anali ataona kale: mabatire sankadzaza.

Tsiku lomwelo anapita kwa achimwene awo, anakhala pa kampando kotsika, n'kufotokoza zonse mwaulemu. Achimwenewo anati, "Mng'ono wanga, alendo adula riboni dzana lomweli. Tikachizula lero anthu atiyesa chiyani? Dikira sabata imodzi. Kachikwangwani kameneko kangathe dzuwa lonse lili kumwambali?" Sabata ija inasanduka mwezi. Malemu anapitanso kachiwiri, n'kujambula pa pepala momwe mthunzi ukuyendera. Pepalalo achimwene awo anaikirapo kapu ya tiyi. Ulendo wachitatu, mu Disembala, anauzidwa mawu amene anawatseka pakamwa zaka zisanu ndi ziwiri: "Sayansi yakoyo unakaiphunzira uli pa njinga ya ndani?"

Pano banja silibisa kulakwa kwa malemu, chifukwa iwo eni anakulemba ndi dzanja lawo. Akanatha kuwauza anamwino oyang'anira filiji. Akanatha kulembera kalata akuluakulu a zaumoyo. Akanatha kutenga sipanala m'bokosi mwawo n'kumasula mabawuti anayi aja masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Sanachite chilichonse mwa izi, chifukwa dzina lagolide lija linali la munthu amene anasiya sukulu chifukwa cha iwo. M'malo mwake anayamba kulimbana ndi mthunzi mwakachetechete. Ankapukuta mapanelo kawiri pa tsiku. Ankanyamula mabatire limodzilimodzi pa wilibala kukawadzaza ku shopu kwawo. Koma batire lokhalira kugona ndi njala limafa msanga, ndipo iwo ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Mu Malichi 2018 kunachita mitambo masiku atatu otsatizana. Mabatire abwino akanapirira. Awa anali atatheratu m'kati. Pa tsiku lachitatu anamwino anatsegula filiji n'kupeza muli mofunda ngati m'kabati ya zovala. Katemera yense anatayidwa. Amayi amene anabwera ndi ana kumbuyo anabwezedwa pa khomo, ndipo katemera wina anatenga miyezi iwiri kuti afike. M'miyezi imeneyo kunabuka chikuku. Ana ambiri anachira. Mwana mmodzi wa miyezi khumi, amene amayi ake anali pa mzere tsiku lija, sanachire.

Pa 6 Epulo 2018 komiti inakumana kuti ipeze wolakwa. Tsikulo kunatentha kwambiri, ndipo m'chipinda chochitira misonkhano munali mosapumika. Ndiye abale anga, mudziwe kumene anakakhala. Ananyamula mabenchi n'kuwaika kuseri kwa chipatala, mumthunzi wa chikwangwani chomwecho, chifukwa ndi pomwe panali pozizira bwino. Anthu khumi ndi mmodzi, ovala mataye ndi nsapato zopukutidwa, anakhala mumthunzi umene unapha mabatire, akudzipepesera mphepo ndi mapepala, n'kumafunsana modabwa kuti chapha mabatire n'chiyani. Malemu anaimikidwa padzuwa. Anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anayang'ana mthunzi, anayang'ana achimwene awo, n'kuweramitsa mutu. Kalata inatuluka tsiku lomwelo yonena kuti amisiri anali osasamala ndi osadziwa ntchito. Amene anasaina pansi pake ndi wapampando.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, chifukwa ambiri munazichita ndinu. Munasiya kubwera ku shopu kwawo. Ena munkati anaba mabatire abwino n'kuikapo akutha. Ena munkati sola ndi bodza la anthu ophunzira, mpaka munazula mapanelo pa madenga anu n'kumayanikirapo zovala. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi magetsi atathima pang'ono, wina anakuwa kuti, "Mwini wake ali pompano!" ndipo holo yonse inaseka. Komiti inagula mabatire atsopano kawiri, ndipo kawiri konse anafa chaka chisanathe. Inaitana mmisiri wina wochokera kutali, wa galimoto ndi chipewa cholimba. Mmisiriyo anafika naini koloko m'mawa dzuwa lili pa mapanelo onse, anayeza ndi mita yake, anati zonse zili bwino, anamwa zoziziritsa kukhosi, n'kunyamuka nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Palibe amene anaganiza zomuuza kuti adikire masana. Mita yake sinaname. Inangoyankha funso limene inafunsidwa, pa ola limene inafunsidwa.

Panali mphekesera inanso imene lero tiiike m'manda pamodzi ndi dzina lija. Kuyambira mu Meyi 2018 malemu ankasowa tsiku lililonse thu koloko isanakwane, atavala malaya ositidwa, ndipo ankabwerako cha m'ma faifi, maondo a buluku ali ndi dothi. Anthu a pa msewu wathu anamaliza okha nkhani: a Kazimitsa apeza wowatonthoza. Akazi awo anamva, koma chimene chinkawadya kwambiri mumtima chinali china. Tepi yawo yoyezera zovala inkasowa pa msomali nthawi yomweyo, n'kubwerera madzulo. Anaganiza kuti mkazi winayo akusokeredwa diresi ndi tepi ya m'nyumba mwawo. Tsiku lina mu Juni anatseka makina osokera, anafunda nsalu kumutu, n'kuwatsatira chapatali. Anawaona akudutsa pa msika osaima, akukhota pa kanjira ka kuseri kwa chipatala, akulowa pobowoka mpanda. Anasuzumira. Anapeza amuna awo atagwada pansi okhaokha, mwala utatsindira nsonga ya tepi, akuyeza kutalika kwa mthunzi n'kulemba m'kope.

Anaima kumbuyo kwawo n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, ndiye mkazi mnzangayo ndi ameneyu?" Malemu, osatembenuka, anayankha kuti, "Ndi ameneyu mayi, ndipo sachedwa ngati inu." Akazi awo anachotsa mwala uja n'kugwira okha nsonga ya tepi. Tsiku limenelo anamva zonse, ndipo analumbiritsidwa kuti asadzauze munthu malemu ali moyo. Anawafunsa kuti nanga mukuyezeranji ngati simudzanena? Malemu anati, "Pakamwa panga ndinapereka kwa achimwene. Koma manambalawa si anga, ndi a dzuwa. Wina adzawawerenga." Kuyambira pamenepo ankapita awiri. Anthu ataona kuti tsopano akusowa onse, anasintha nkhani n'kumati akupita kokapempherera tsoka. Zaka zisanu ndi ziwiri, munthu ndi mkazi wake anakhala akukumana mobisa kuseri kwa mpanda ngati achinyamata, wina atagwira uku, wina uku. Akazi awo akuti mwa masana onse a ukwati wawo, amenewo ndiwo anali okoma kwambiri ndiponso onyansa kwambiri, ndipo sadziwa momwe angasiyanitsire ziwirizi.

Malemu anayamba kukhosomola mu Okutobala 2024. Ku chipatala chachikulu anawajambula m'chifuwa, ndipo adokotala anapachika chithunzicho pa galasi lowala n'kuwaonetsa mapapo awo, ali ndi zipsera ngati nsalu yosokedwasokedwa. Malemu anachiyang'ana nthawi yaitali mosilira, n'kuuza akazi awo kuti, "Taonani mayi, andiona m'kati osanding'amba." Adokotala anatchula dzina la nthendayo, anafotokoza momwe idzayendere mwezi ndi mwezi, ndipo ananena mosapita m'mbali kuti mankhwala ochotsa zipserazo kulibe, alipo ongochepetsa kubanika. Ana awo analira n'kumati sayansi yake ndi yotani yodziwa dzina la mdani koma osatha kumugwira. Malemu anawaletsa. Anati munthu amene wakuuza pamene nzeru zake zathera ndiye woyenera kumukhulupirira pa zina zonse.

Pa 8 Julayi 2025 anagonekedwa pa chipatala chathu chaching'ono, m'chipinda chimene zenera lake limayang'ana kuseri. Anawaika pa makina a mpweya, amene amayendera magetsi a mapanelo omwe aja. M'mawa makinawo ankayenda bwino. Masana ankayamba kulira ngati mwanapiye, kenaka n'kuzima, ndipo anamwino ankathamangira ku silinda yaing'ono ya mpweya yosungira pangozi. Tsiku lachiwiri anamwino achitsikana anayamba kumenya makinawo ndi chikhatho. Malemu anachotsa chophimba kukamwa n'kunena kuti, "Mwana wanga, usawamenye, alibe mlandu. Yang'ana wotchi, kenaka uyang'ane pazenera." Anamwinowo anayang'ana, koma sanamvetse, ndipo malemu analibe mpweya wokwanira kufotokoza. Anatisiya pa 14 Julayi 2025, folo koloko itangodutsa, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi.

Banja silikunena kuti chikwangwani chinawapha. Adokotala anatiuza kuti ngakhale makina akanayenda usana wonse, anali atatsala ndi masabata owerengeka. Sitikunenanso motsimikiza kuti katemera akanamupulumutsa mwana uja. Palibe mita yoyezera zimene sizinachitike. Malemu sakanalola kuti tiwonjezere nambala n'imodzi yomwe pa maliro awo. Chimene tikunena n'chakuti munthu amene anaika magetsi amenewo anathera masana ake omaliza akubanika pansi pa mthunzi umene anauyeza yekha, ndipo ankadziwa mphindi yake yeniyeni imene makina ayambe kulira.

Dzulo m'mawa akazi awo anavula kakiyi kamene kamakhala m'khosi mwawo n'kutsegula bokosi la zida la malemu. Pansi pa mapulayala panali makope asanu ndi awiri odzaza ndi masiku, maola ndi masentimita. Panali kachitini ka mafuta opaka nsapato, ndipo m'kati mwake munali tizidutswa ta waya khumi ndi tinayi, tonse todulidwa ndi lumo. Akazi awo anakhala pansi ataona zimenezo, chifukwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri ankayesa kuti chinsinsicho n'chawo okha. Panalinso sipanala ya nambala 17 yokulungidwa m'kalata. Kalatayo ndi yaifupi, ndipo ndiiwerenga monga inalembedwera: "Achimwene, njinga ija sindinaiiwale. Ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwanga kunawononga katemera pamodzi ndi chikwangwani chanu. Theka la mlandu ndi langa, ndapita nalo. Mwezi wa mawa akubweretsa mapanelo atsopano pa felemu yomweyo. Mabawuti ndi anayi. Thirani mafuta kaye, achita dzimbiri. Mumasule nokha."

Masana ake akazi a malemu ananyamula makope, kalata ndi sipanala kupita nazo kwa achimwene aakuluwo, amene anawapeza akulemba mawu oti adzalankhule pano otamanda mng'ono wawo. Anaika sipanala pamwamba pa pepalalo n'kunena kuti, "Alamu, ine ndayeza ziuno za anthu a msewu uno onse osatopa. Koma dzina lanu ndaliyeza zaka zisanu ndi ziwiri nditagwada, ndipo ndatopa nalo. Mawa mbiri iwerengedwa yonse, mukhalepo kapena musakhalepo." Achimwenewo anatsegula kope loyamba. Pamene akazi a malemu ankatuluka, anali akadali pa tsamba loyambalo.

Amene mwalawirira lero munamva phokoso la chitsulo chikugwa cha kuchipatala, nkhunda zonse n'kuuluka. Chimenecho chinali chikwangwani. Mkulu wa malemu uja, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, atavala suti ya maliro, anakwera pa benchi ndi kabotolo ka mafuta n'kumasula mabawuti anayi yekha, atakana aliyense womuthandiza. Anamwino achitsikana aja anaima pazenera ndi wotchi. Ntchito yonse inatenga mphindi makumi anayi. Mvetsani bwino, abale: mphindi makumi anayi. Katemera wa ana onse, mabatire ogulidwa katatu, shopu ya munthu, dzina la munthu, zaka zisanu ndi ziwiri za nyimbo yodumphira chingwe, zonsezi zinali pa mabawuti anayi ndi mphindi makumi anayi, ndipo panafunika maliro kuti munthu azipeze mphindizo. Sindikupemphani kuti muwaombere m'manja. Pa tsamba lomaliza la kope lachisanu ndi chiwiri alembapo mzere umodzi n'kusaina ndi dzanja lomwe lija linasaina kalata ya 2018. Mzerewo ukuti: "Mthunzi unali wanga, mng'ono wanga ankadziwa ntchito." Atumiza mawu akuti mpando uwu sangaukhalire. Ali komweko, akhala pansi pafupi ndi mapanelo, padzuwa.

Kope la malemu likuti pa tsiku ngati la lero, 16 Julayi, mthunzi umakhudza panelo yoyamba thu koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Akazi awo apempha kuti popita kumanda galimoto ya bokosi idutsire kuseri kwa chipatala, iime pamenepo pa mphindi imeneyo. Mamembala khumi otsala a komiti, ndikukuonani mwakhala mzere wachitatu pansi pa tenti. Mukupemphedwa kuyenda kutsogolo, ndipo maambulela muwasiye pano.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi, ndi achimwene awo aakulu. Asiyanso makope asanu ndi awiri, amene banja lawapereka kwa anamwino oyang'anira filiji, kuti amene adzaike mapanelo atsopano awawerenge, ndipo adzabwere masana.

Banja likuthokoza adokotala amene sanatinamize. Likuthokoza anamwino amene ananyamula silinda ya mpweya masana asanu ndi awiri osadandaula. Likuthokoza aneba amene anabwera kudzakhala nafe chimvereni uthenga, a mpingo, okumba manda, ndi mwini galimoto. Mwapadera likuthokoza mayi a mwana uja wa miyezi khumi. Akazi a malemu anapita kukawauza zonse dzulo madzulo, ndipo mayiwo sananene kuti akhululuka kapena ayi. Anangopempha kansanza ka malemu, ndipo lero m'mawa, chikwangwani chitagwa, ndiwo apukuta mapanelo onse asanu ndi atatu. Amene munaimba nyimbo ija ndi amene munaphunzitsa ana anu kuiimba, chakudya chilipo, mudye musanapite. Kuthokoza kokha ndiko kwatithera.

A Kayatsa, amalume athu, tepi yabwerera pa msomali wake, ndipo masana a lero palibe choti muyeze. Mzimu wanu uuse mumtendere.